Mapazi a Mkamwini mu Fita ya Mzungu

Amene anayamba kundiuza za azungu aja anali alamu anga, alongo awo a amuna anga. Anandipeza ndikupalira kamunda kanga ka pansi pa mitengo, kutchire kumene tinathawira, kumtunda kwa Mualadzi. Anabwera akuthamanga, nsalu ataigwirira m'manja, ndipo ine ndinayang'ana kumwamba, poti masiku amenewo munthu akamathamanga ndiye kuti wamva ndege.

"Mkazi wanga, ponya khasulo," anatero. Ankandiitana choncho chikwatiwireni ine kwa achimwene awo. "Kumsasa kwa asilikali a ufulu kwabwera azungu."

"Mayo ine! Nanga mwaimiranji? Tiyeni tizithawa."

"Thawa wekha. Awa si a tropa, asilikali a Apwitikizi aja, ayi. Abwera ndi anyamata athu omwe kuchokera ku Zambia. Wina wamwamuna wafiira ngati mphika wongowotcha kumene, miyendo yatupa. Anyamula makina a sinema. Akufuna munthu wodziwa singano, ndiye ine ndatchula iwe."

Ndisanapite nanu kumsasako, ndinene kaye mmene tinkakhalira. Amuna anga anatengedwa ndi a tropa nkhondo itangofika kwathu, pa mlandu woti anapatsa ufa anyamata a m'tchire, ndipo sitinawaonenso. Pamene anthu ankawasonkhanitsa m'midzi ya waya ija, imene ankati aldeyamento, ife tinalowa m'tchire usiku ndi mitanga pamutu. Kumeneko mitundu inasakanikirana, ndiye chifukwa chake ine ndi alamu anga tinkakhala makumbi oyandikana. Tinkaphika ndi nkhuni zouma kwambiri kuti utsi usakwere. Atambala onse tinapha, chifukwa tambala sadziwa kusunga chinsinsi. Ana ndinabereka anayi, koma Ambuye anandisiyira mmodzi, mtsikana, ndipo ndimawathokoza pa ameneyo.

Mwana wangayo ankasenza katundu wa nkhondo kuchokera kumalire pamodzi ndi atsikana anzake. M'maulendo amenewo ndi mmene anadziwana ndi msilikali wina wa ufulu, wochokera kutali, kunyanja ya ku Niassa. Chinyanja chake chinali chonga chathu koma chokoka pang'ono. Ukwati unachitikira pansi pa mtengo, mkulu wa mpingo anapemphera, ndipo mkulu wa gulu lawo anaima ngati nkhoswe poti kunalibe mbale wawo ndi mmodzi yemwe. Ngakhale dzina limene tinkawaitana linali la kunkhondo, osati limene anawapatsa amayi awo.

Ana a masiku ano mwina sadziwa upongozi wa kwathu. Mpongozi ndi mkamwini sankayang'anana kumaso. Mukakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'thengo, n'kugwada, n'kumaomba m'manja chapatali. Akamwini akafuna kundiuza kanthu ankakhala kuseri kwa khumbi, nkhope italoza kwina, n'kumalankhula ngati akuuza mtengo. Si chidani ayi, ndi ulemu. Zinkatha mwana woyamba akabadwa. Mpongozi unkapha nkhuku, mkamwini ankabwera ndi kamphatso, munkadyera pamodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo munkayang'anana ngati mayi ndi mwana wake. Nkhondo inagwetsa miyambo yambiri, koma uwu ine ndinaugwiritsa. Ndinalibe munda woti ndiwalozere kuti limani apa, ndinalibe malo oti amangepo nyumba. Ulemu wokhawo ndi umene ndinali nawo wowasonyeza kuti ndawalandira. Nkhuku ndinasunga ndithu, thadzi lamawangamawanga, ndipo ndinkaligawira madeya ngakhale tsiku limene ife tagona ndi njala.

Choncho akamwini anga ndinkawadziwa kuyambira m'mawondo kutsika. Akamayandikira pakhomo panga ankavula mabota awo n'kuwanyamula m'manja. Chala chachikulu cha kumanzere chinalibe chikhadabo, ndipo pamwamba pa phazi lomwelo panali chipsera chachitali, choyererako, cha nkhwangwa imene anadzitema nayo ali mwana. Ndinkadziwanso mawu awo, ndi kachifuwa kamene ankatsokomola kuti ndidziwe kuti afika. Kawirikawiri ndinkangopeza mtolo wa nkhuni pakhomo, nthawi zina chisa cha uchi pa tsamba.

Tsono tsiku lija ndinatsuka m'manja, n'kutenga singano yanga imene ndinkaisunga m'kabango, n'kuwatsatira alamu anga. Azungu anali awiri, mwamuna wamtali wandevu ndi mkazi amene ankanyamula makina otola mawu. Sankalankhula Chipwitikizi chenicheni, ndipo kamarada wina, monga tinkaitanira asilikali a ufulu, ndi amene ankamasulira. Mzunguyo anandionetsa thumba lakuda lokhala ndi mikono iwiri, ngati malaya opanda khosi. Minga inali italing'amba pambali, kung'ambako kutalika ngati dzanja langa.

"Amayi," anatero womasulira uja, "m'zitini zozungulirazi muli fita, ndiyo imene imasunga zithunzi. Koma ndi yamanyazi kuposa namwali. Ikangoona kuwala isanalowe m'makina, basi yafa. Ndiye mkuluyu amalowetsa chitini ndi bokosi la makinawo m'thumbamu, manja n'kupisa m'mikonomu, n'kumagwira ntchito mosaona ngati wakhungu. Popanda thumbali wayenda ulendo wonsewu pachabe."

Anali atayesa kale nsalu zimene zinalipo. Iliyonse akailozetsa kudzuwa, dzuwa linkapyola. Ine ndinadziwa pamene panali nsalu imene dzuwa silingapyole. Inali saya yanga yakuda ya chigwirizano cha amayi, imene a ku Zambia amati siketi, yansalu yokhuthala, imene amuna anga anandigulira atagulitsa fodya. Chithawireni kumudzi ndinali ndisanaivale. Inkangogona pansi pa mtanga pamodzi ndi buku la nyimbo.

"Iwe, usapenge," anandinong'oneza alamu anga, poti anaona kale zimene ndinkaganiza. "Nkhondo ikatha ukavala chiyani pa tsiku la amayi? Masamba a nthochi?"

Ndinati ndikapemphere kaye. Popemphera sindinamve mawu alionse. Ndinangokumbukira kuti alendowa abwera kuti anthu a kutali aone mmene tikukhalira, ndipo ndinaganiza kuti kapena mwa anthu a kutaliwo muli ena opemphera. Ndinatenga sayayo n'kuidula.

Ndinasoka mosamala monga anatiphunzitsira kusukulu ya mishoni. Dzuwa lili pamutu, mzungu uja analowetsa mutu wake wonse m'thumbamo, n'kuima pabwalo ngati chilombo cha kudambwe, ana n'kumagwa ndi phwete. Atatulutsa mutu analankhula uku akuloza m'mwamba ndi zala.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti ntchito ndi yabwino, koma m'katimo muli nyenyezi."

Paliponse pamene singano inadutsa panali kachibowo kolowetsa kuwala. Manyazi anandigwira. Ndinamasula zonse, n'kuika zigamba ziwiri, china mkati china kunja, n'kupinda msoko kuti uphimbe unzake. Alamu anga ndi amene anakumbukira phula la uchi wa akamwini. Tinalisakaniza ndi mwaye wa mphika n'kumata pamsoko, kunja kokha, chifukwa mzunguyo anati kanyenyeswa kakangolowa mkati kadzakanda fita. Analowetsanso mutu. Anakhalitsa m'menemo mpaka tinayamba kuopa kuti wakomoka. Potuluka anagwira dzanja langa ndi manja ake awiri, n'kunena mawu amodzi a chilankhulo chathu amene anali ataphunzira panjira, akuti zikomo.

Kansalu kamene kanatsala ndinagambira malaya a akamwini paphewa la kumanja, pamene lamba wa mfuti anadya. Mwana wanga ndi amene anabwera nawo malayawo n'kuwabwezanso.

Kuyambira pamenepo alendo aja anandizolowera. Fita imadana ndi kutentha, ndiye zitini zawo anazipereka kwa ine kuti ndizizisunga mumchenga wozizira pamene ndinkakhazika mtsuko wa madzi. Ndinaphunzira kuzisiyanitsa. Zina zinali zanjala, zosalowa m'makina, zina zinali zokhuta, zomata ndi kansalu kolembapo, ndipo zokhutazo mwini wake ankazigwira ngati mazira. Panalinso mitundu iwiri, fita ya padzuwa ndi fita ya mumthunzi. Ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti anabweretsa yambiri ya padzuwa, osadziwa kuti ife timakhala pansi pa mitengo ngati bowa. Sukulu ya ana inali mumthunzi, odwala ankagona mumthunzi, mapemphero mumthunzi. Asanajambule munthu ankamuyandikiza kumaso kanthu kena konga wotchi, kuti ayeze kuwala, ndipo agogo ena anathawa poganiza kuti akuwaombeza.

Makina anali awiri. Aakulu ankawasenza paphewa, ndipo ankadya moto wochokera pa lamba wolemera amene ankamanga m'chiuno. Aang'ono ankawapukusa ndi dzanja monga mmene amachitira wotchi, n'kulira kanthawi kochepa ngati mphaka wokhuta, kenako n'kuima. Kutsogolo kwake kunali maso atatu agalasi pa kambale kozungulira. Lalifupi linkaona ponseponse, lalitali linkakoka zakutali. Asilikali athu ankamukalipira kuti aziphimba magalasiwo akakhala pamtetete, chifukwa kung'anima kwake kukanatiitanira ndege.

Tsiku lina osenza katundu ankawoloka kamtsinje ka kumunsi kwa msasa, asilikali akuwaperekeza, mabota atawapachika m'khosi. Ife tinali pamtunda tikuchapa. Tinangoona mzungu uja wagona chafufumimba m'matope m'mbali mwa madzi, makina aang'ono aja atawagunditsa pansi, akujambula miyendo.

"Taonani zodabwitsa," anatero alamu anga mokweza. "Munthu kuwoloka nyanja, kutupa miyendo, kudzajambula zidendene zong'aluka! Kwawoko kulibe mapazi kodi? Akanandiuza ine ndikanamutumizira anga."

Tinaseka mpaka misozi. Ine ndinaona akamwini anga akubwera pamzerepo, ndinawadziwira chigamba chija, ndipo ndinatembenuka n'kuweramira zochapa zanga.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendowo abwerere, womasulira anabwera kudzandiitana. Anati mzungu alibe choti andipatse, koma akufuna kuti ndionereko m'makina mwake. Anali atawakhazika pa miyendo itatu m'mphepete mwa dambo, pansi pa chitsamba, ataikapo diso lina lalitali kuposa onse, lotalika ngati mkono wa mwana. Kutsidya kwa dambolo osenza katundu ankapuma pansi pa mkuyu. Ndi maso angawa ankaoneka ngati nyerere.

Ndinatsinzina diso limodzi monga anandiuzira, linalo n'kuligunditsa pa kachikopa. Poyamba munali chifunga. Mzunguyo anapotoza galasi pang'ono, ndipo mwadzidzidzi mwana wanga anali pamaso panga penipeni. Ndinaona thukuta pamphuno pake, ndinaona mpata wa mano ake. Ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire, anthu kumbuyo kwanga n'kuseka. Iye sankadziwa kuti ndikumuona. Ankaseka, mutu ataupendeketsa, akuyang'ana munthu wina amene anakhala pambali pake. Chitengedwereni atate ake ndinali ndisanamuone akuseka choncho. Pakhomo ankangokhala wa ntchito, wosalankhulalankhula. Ndinati mumtima, Ambuye, kani mwana wanga ali ndi chimwemwe chake kumene ine sindifikako, zikomo.

Kenako mzungu uja anayamba kutembenuza makinawo pang'onopang'ono. Mwana wanga anasunthira kumbali. Munalowa phewa, ndipo paphewapo panali chigamba chakuda, msoko wanga womwe. Munalowa khosi. Ine ndinadumphira kumbuyo ngati ndaponda moto, n'kudzifunda nsalu kumaso.

"Yang'ana, chitsiru iwe!" anatero alamu anga, akundikankha pamsana. "Iwo sakukuona. Galasi lili ndi pakamwa kodi loti likakunenere?"

"Ayi alamu, sindingathe."

"Kamodzi kokha. Ine ndatseka maso, sindinaone kanthu."

"Nanga nkhuku yanga ndidzaiphera chiyani? Mwanayu mimba yayamba kale kuoneka. Mvula ikamatha ndidzawaona ndi maso anga, osati obwereka kwa mzungu."

Mlendoyo anadabwa, anaganiza kuti china chandiluma. Womasulira atamufotokozera sanaseke ayi. Anangoweramira makina ake, ndipo ndinamva makinawo akulira. Atamaliza anati ndiuzidwe kuti awiriwo wandisungira m'chitini. Ndinafunsa ngati mwana akadzabadwa ndingadzatsegule n'kuona. Anapukusa mutu. Anati fitayo iyenera kukatsukidwa kaye ndi mankhwala kutsidya kwa nyanja, ndipo munthu akatsegula isanatsukidwe sapezamo nkhope, amangoipha. Chitini chimenecho chinagona mumchenga pafupi ndi mtsuko wanga, ndipo m'mawa ndinachipereka ndi manja awiri. Anachisenzetsa mtsikana wina, n'kulowera njira ya kumalire.

Sipanapite nthawi, gulu la akamwini analituma kumwera, cha ku Zambezi. Ndinamva kachifuwa kaja kuseri kwa khumbi.

"Amayi, ife tachoka kaye. Nkhuni tasiya apo. Mnzathuyu mutisungire."

"Ndamva, bambo. Ambuye atsogole."

"Ndipo nkhuku ija musaidye nokha ndi azakhali. Mwendo ndi wanga."

Ndinaseka nditaweramitsa mutu. Ndinaona mapazi aja akulowa m'mabota, lamanzere poyamba, ndipo anapita.

Chimanga chikumasula, kunabwera kamarada wina ndi mawu oti akamwini anagwa pa msewu wina kumwerako, ndipo anzawo anawaika pomwepo. Mwana wanga sanalire mokweza, poti m'tchire maliro tinkalira chamumtima. Anachira mvula ikutha, mwana wamkazi. Thadzi lija ndinamuphera mwana wangayo kuti amwe msuzi, koma anangolawa. Magazi sanaleke, ndipo mankhwala kunalibe. Tinamuika pansi pa mkuyu uja.

Za masiku otsatirawo sindikumbukira zambiri. Ndege zinachuluka, ndipo ine ndi alamu anga tinabereka khandalo mosinthana mpaka tinadutsa malire m'thengo, kutali ndi msewu wa ku Cassacatiza. Ku Zambia, kumalo a othawa nkhondo, mayi wina wa mpingo wathu amene anali ndi mwana wa kubere anayamwitsa ndi wathuyo. Mayi ameneyo ndimamutchula m'pemphero mpaka lero. Alamu anga anayamba kudwala chifuwa komweko. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala ndinawafunsa.

"Alamu, kodi akamwini aja anali otani kumaso?"

"Anali munthu. Maso awiri, mphuno pakati. Unakana wekha."

Atatsokomola anandigwira dzanja. "Anali wakuda bwino. Akamaseka diso limodzi linkatsinzina. Zina ndaiwala, mkazi wanga, ndinkayesa tidzakhala nawo."

Iwonso tinawaika komweko. Ufulu utabwera ndinabwerera ndi mdzukulu wanga tili awiri, n'kukakhala kufupi ndi Nsadzo, m'dera la Chifunde, kumene anatipatsa malo. Anthu a kumsasa kuja anabalalika, ena anatsalira ku Zambia, ena anapita ku Tete. Panalibe ndi mmodzi yemwe pafupi amene anawadziwa akamwini anga. Ndinkalima ndekha, madzulo n'kukhala pakhonde ndi mwanayo, ndipo nthawi zina tsiku lonse linkatha osalankhula ndi munthu wamkulu.

Atayamba sukulu anabwera ndi funso. Anzake ankanena kuti uyu wafanana ndi atate ake, uyo ndi amalume ake.

"Agogo, amayi anga mumati ndinatengera mano. Nanga atate anga ankaoneka bwanji?"

Ndinamuuza za chala chopanda chikhadabo, za chipsera, za uchi pa tsamba, za diso limene ankati linkatsinzina.

"Ine ndikufunsa nkhope, agogo."

"Nkhope sindinaione, mnzanga."

"Munalibe maso?"

Ndinamufotokozera mwambo wonse, ndi nkhuku yomwe. Anamvetsera, kenako anati, "Ndiye atate anga mumawadziwira mapazi ngati nyama ya m'tchire?" Analowa m'nyumba osadya. Ine ndinatsala panja. Sindinawakwiyire makolo amene anatisiyira mwambowo, ndipo mpaka lero sindiunyoza. Koma madzulo amenewo ndinawauza Ambuye kuti mwana uyu wandipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo ine ndilibe.

Chaka china chilimwe, nkhondo yachiwiri ija, yapachiweniweni, isanafike kwathu, kunamveka kuti ku Nsadzo kwabwera galimoto ya sinema, ndipo aonetsa za nkhondo ya ufulu. Ndinamuuza mdzukulu wanga za mzungu ndi chitini chija. Mwina ndinalakwa kumupatsa chiyembekezo, koma ndinalephera kudzigwira. Tinanyamuka dzuwa likadali pamwamba, iye atavala diresi lake la ku tchalitchi. Anamanga nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri ya mango, ndipo kutangoyamba mdima analiza injini.

Nkhope zinabwera zambirimbiri, zazikulu ngati chitseko. Anyamata akuguba, anyamata akudya, anyamata akuseka. Apo ndi pamene ndinazindikira tsoka langa, kuti mwina ndikuwayang'ana akamwini anga pompano koma osawadziwa. Ndinafunafuna chigamba chakuda paphewa, koma malaya onse anali azigamba ndipo zithunzi zinkathamanga. Mkuyu uja sunaoneke, mwana wanganso sanaoneke.

"Agogo, ndi awo?"

"Sindikudziwa."

"Nanga awo andevuwo?"

"Sindikudziwa, mnzanga."

Anafunsa mpaka anatopa, n'kusiya dzanja langa. Ndikanatha kungoloza mnyamata aliyense wooneka bwino, iye akanakhulupirira. Mtima unandiuza ndithu kuti nditero. Koma ameneyo akanakhala mwana wa mayi wina.

Kenako pansalu panabwera madzi. Kamtsinje, miyala, ndi miyendo ikuwoloka, makina ali pansi penipeni. Anthu anayamba kuseka monga tinasekera ife tsiku lija. Panadutsa mapazi a atsikana, ang'onoang'ono, olemedwa ndi katundu. Ndiyeno phazi lamanzere linatuluka m'madzi n'kuponda pamwala, lalikulu kudzaza nsalu yonse, madzi akutsetsereka pa chipsera choyererako, chala chachikulu chopanda chikhadabo chikugwira mwalawo.

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangomva mawu anga akukuwa, "Ndi awo! Atate ako ndi awo!"

"Khalani pansi, amayi, mwatitchinga!"

Pomwe ndinkamunyamula mwanayo kuti aone bwino, pansalu panali kale ana a sukulu pansi pa mtengo.

Anthu atabalalika ndinapita kwa bambo amene ankayendetsa makinawo, n'kugwada. Ndinawapempha kuti abwezeko pamtsinje paja pokha. Anati mafuta a injini atsala oti akaonetsere mudzi wina mawa. Koma atamva nkhani yanga anatenga chigudumu cha fitayo, n'kuyamba kuivundukula ndi manja pafupi ndi nyali.

"Mukuipha!" ndinakuwa.

Anaseka. "Ayi amayi, iyi ndi yotsuka kale. Manyazi inasiya."

Anafufuza nthawi yaitali, fita ikuunjikana pa nsalu imene ndinayala kuti isagwe pafumbi. Atapeza anamuitana mdzukulu wanga. Tizithunzito tinali tating'ono ngati njere ya dzungu, tambirimbiri totsatizana, ndipo m'kalikonse munali phazi lomwelo, likusuntha pang'onopang'ono. Mwanayo anayang'anitsitsa, mphuno itatsala pang'ono kugunda nyali. Ndinafunsa ngati penapake pali mwamuna ndi mkazi atakhala pansi pa mkuyu. Anati fita imeneyi aionetsa kambirimbiri ndipo zoterozo mulibe. Anati ojambula amajambula zambiri, koma polumikiza amadula, n'kutenga zochepa, ndipo zotsalazo zimakhala m'zitini kwa eni ake kutsidya kwa nyanja. Ndinapempha kuti atidulireko kachithunzi kamodzi. Anati si yawo, ndipo akadula anthu a midzi ina adzaona chodumpha. Ndinawamvetsa, ndipo ndinawathokoza, chifukwa anatichitira zimene sanakakamizidwe.

Tinagona kwa mayi wina wa mpingo, m'mawa n'kuyamba ulendo wobwerera. Titafika pa kamtsinje kena mdzukulu wanga anavula nsapato, n'kulowa m'madzi, n'kuponda pamwala ndi phazi lamanzere.

"Anaponda chonchi, eti agogo?"

"Chomwecho."

"Sanaterereke."

"Ayi, sanaterereke."

Anayang'ana phazi lake kanthawi, n'kuwoloka. Za nkhope sanandifunsenso mpaka lero.

Pano ndi mayi wa ana ake, ndipo ndi amene akundisunga. Tsiku limene mwamuna wake anabwera koyamba pakhomo, amayi a m'mudzi anandifunsa ngati ndimuthawe monga mpongozi, poti mwanayo ndinamulera ngati wobereka ndekha, kapena ndimuseke monga agogo. Ine ndinatenga mpando n'kukhala patsogolo pake, ndipo ndinamuyang'ana kumaso mpaka mnyamata wa eni ake anayamba kutuluka thukuta.

Sindidziwa ngati mzungu uja akadali moyo, kapena ngati chitini chimene chinagona pafupi ndi mtsuko wanga chilipobe. Ngati chilipo, muli mtsikana wa mpata m'mano akuseka, ndi mnyamata wa chigamba chakuda paphewa la kumanja. Maso anga achita kale chifunga, ndiye ngakhale atachibweretsa lero sindingaone bwino, koma mdzukulu wanga angaone. Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikupemphani kuti mukamagwada muzitikumbukirako a pakhomo pano: amuna anga amene sitidziwa kumene anagona, mwana wanga wa pansi pa mkuyu, alamu anga amene anatsala ku Zambia, mdzukulu wanga ndi ana ake, ndi akamwini anga. Mukumbukirenso abale awo kunyanja ya ku Niassa, amene sanauzidwe kumene mwana wawo anagwera, ndipo sadziwa kuti kuno ku Chifunde ali ndi mdzukulu.